Mubwere Naye Mnzanuyo

1

"Mkazi wanu ali kuti?"

"Sindinakwatire."

"Chibwenzi?"

"Chilipo."

"Ndiye mwachisiyiranji kunyumba? Matenda awa sadwala munthu mmodzi."

Ankafunsayo anali a Sisitala, namwino wamkulu wa chipinda chathu cha matenda opatsirana pogonana. Ankayankhayo anali telala wa kashopu ka kuseri kwa depoti ya mabasi, mwamuna wamtali wa zaka ngati makumi atatu. Ine ndinali m'chipinda chinacho, koma pakati pathu panali thabwa lopyapyala losafika n'kudenga komwe, choncho ndinkamva zonse. Odwala okhala pabenchi panja ankamvanso. Iwo amanditchula adokotala, ngakhale pepala langa la ku yunivesite limati ndine wothandizira dokotala.

A Sisitala anafunsa pamene pankapweteka. Telala anatsitsa mawu, nati ndi kumbuyo, kwatupa, kukutuluka mafinya, ndipo patha masiku asanu asanakhale pa mpando wa makina ake. Ndinamva cholembera chikuikidwa patebulo.

"Mnzanuyo ndi wamwamuna?"

"Inde."

Ngakhale a chifuwa pabenchi paja anasiya kutsokomola.

Ndikufotokozereni kagwiridwe kathu ka ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Munthu akapezeka ndi matenda amenewa timamupatsa kapepala kachikasu koti akapereke kwa amene amagona naye, kuti nayenso adzalandire mankhwala. Pakapepalapo sipalembedwa dzina, pamangokhala nambala ya wodwalayo. Buku la malangizo limati wodwala alandire chithandizo tsiku lomwelo, kapepala n'kutsatira. Koma a Sisitala anali ndi lamulo lawolawo: palibe jakisoni mpaka mnzako afike. Analipanga chifukwa cha azibambo amene ankabayitsa mobisa n'kukasiya akazi awo akuwola kunyumba. Ndinene chilungamo, lamulolo linapulumutsa amayi ambiri, ndipo iwo ankalinyadira ngati mwana wawo woyamba.

Anandiitana kudzera pamwamba pa thabwa kuti ndidzaone zimene ndinaphunzira ku yunivesite. Ndinalowa n'kuyang'ana buku la wodwala, nkhope yake ayi. Chofunika ndinkachidziwa: kutseka katani, kuvala magolovesi, kumugoneka chammbali n'kuona. Mphindi ziwiri basi. Chikakhala chithupsa chakuya, kulemba kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu, kumene salandira munthu wopanda kalata ya chidindo chathu. Chidindocho chinkakhala m'dilowa ya a Sisitala.

Magolovesi sindinawakhudze. Ndinalemba mapiritsi ochepetsa ululu, ndinang'amba kapepala kachikasu, ndinalembapo nambala yake ndi dzanja langa.

"Mubwere naye mnzanuyo," anatero a Sisitala. "Timuone."

Telala anapinda kapepalako kawiri, mizere yake yowongoka ngati wasita, n'kukaika m'thumba la malaya. Anati zikomo adokotala, natuluka pang'onopang'ono atatangadza miyendo.

2

Pofika nthawi ya tiyi nkhani inali itafika kale kufamase, kulabu yopimira magazi ndi kwa alonda pageti. Chipinda chathu cha tiyi n'chaching'ono, muli ketulo imodzi ndi makapu asanu ndi awiri, koma tsikulo tinadzazamo anthu khumi.

Bambo wa kufamase ndiye anayambitsa dzina. Anati popeza telalayo ndi wodwala wathu, mnzakeyo ndi mlamu wathu, ndipo tiyenera kumukonzekera. Mayi wokolopa anati kapu imene mlamuyo adzamwere iye sadzatsuka. Wa kulabu anafunsa ngati pa awiriwo pali wovala diresi, popeza wosoka alipo kale. Anthu anaseka chikhakhali mpaka tiyi kutayikira.

Aliyense pachipatalapo ankadziwa kuti ndimakonda ndagi. Masewera a manambala a m'nyuzipepala ndimamaliza tiyi asanazizire, ndipo akasowetsa makiyi a kabati amathamangira kwa ine. Ndiye anandipatsa ntchito yoti ndiwapezere mlamu.

Ndinaigwira ntchitoyo. Ndinati tiyambe ndi zimene tikudziwa. Telala anabwera yekha, choncho mlamu ndi munthu amene ali ndi chotaya. Sangakhale kondakitala kapena wogulitsa pamsewu. Ndi munthu wa kolala, wodziwika, mwina wa kutchalitchi, wopatsidwa moni ndi manja awiri. Wa kufamase anatchula mphunzitsi wina, wa kulabu anatchula mwini golosale. Ine ndinkagamula ngati woweruza, uyu ayi, uyu mwina.

A Sisitala sanaseke. Iwo sankaona choseketsa. Anati zaka makumi awiri ndi zisanu akhala akupukuta zilonda za anthu osanyansidwa, koma izi n'zodzifunira, ndipo mankhwala a boma sanabwerere mathanyula. Anandiyang'ana n'kundiuza kuti mayi anga, amene amaimba nawo kwaya imodzi, ali ndi mwayi kukhala ndi mwana wolongosoka, kungoti akuchedwa kuwapatsa mpongozi.

Namwino wamng'ono amene anali atangoyamba ntchito anafunsa, maso ali m'kapu, ngati wina anamupima wodwalayo. Ine ndinapempha shuga.

3

Lolemba lotsatira kunabwera mayi wina wochokera ku likulu kudzatiphunzitsa za kulandira odwala onse mosasankha. Maphunzirowo anakonzedwa kalekale, zinangokumana. Tinakhala masiku awiri m'chipinda cha misonkhano, mabotolo a madzi ali patebulo.

Mayiyo ankadziwa ntchito yake. Anati tisamafunse kuti mkazi wanu ali kuti, koma kuti mumagona ndi ndani, amuna, akazi kapena onse. Anati funsolo lifunsidwe ndi mawu omwewo amene timafunsira za chifuwa. Anati munthu amene wanyozedwa pachipatala kamodzi sabweranso mpaka atanyamulidwa, ndipo akabwera motero ntchito yake imakhala yowirikiza kakhumi. Anati zimene wodwala wanena m'chipinda zisafike kuchipinda cha tiyi. Wa kufamase anagwedeza mutu mwamphamvu kuposa tonse.

Anatichititsa sewero, wina akhale wodwala, wina dokotala. Udokotala unagwera ine. Ndinatseka chitseko chongoyerekeza, ndinakhala pansi kuti maso athu alingane, ndinafunsa mofatsa, ndinapempha chilolezo ndisanakhudze. Mayiyo anawomba m'manja nati pano pali chuma. Pomaliza anandisankha kukhala woyang'anira nkhani zimenezi pachipatala pathu. Tinalandira masatifiketi ndi chithunzi chachikulu cholembedwa kuti pano aliyense ndi wolandiridwa. A Sisitala anachimata pakhoma bwinobwino, kenako anapempha alonda kuti asunthire kabati ya mafayilo pakhoma lomwelo, chifukwa pakona pamene inali pankadontha.

Lachinayi telala anabweranso, yekha. Wolembera odwala pakauntala anathamanga kudzatinong'oneza kuti wafika. Mwadzidzidzi aliyense anapeza chifukwa chodutsira pakhonde pathu: wina kufuna sitepula, wina kufunsa nthawi. Telala sanakhale pabenchi. Anaima atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira, milomo itauma.

Atalowa, a Sisitala anafunsa za mnzake uja.

"Wakana kubwera."

"Chifukwa?"

"Akuopa."

"Akuopa chiyani? Pochita zimenezo sankaopa?"

Telala anati sakupempha zambiri, akungofuna wina aone, chifukwa usiku sakugona ndipo thupi likutentha. Anali atapita kale ku chipatala chachikulu, anamubweza pageti kuti alibe kalata. Anapitanso ku chipatala china cholipira, kumene dokotala anaitana anzake awiri kudzamvetsera, iye n'kuthawa asanavule.

A Sisitala anamuuza kuti chithandizo chenicheni chimayamba ndi kulapa, ndipo lamulo ndi limodzi kwa aliyense. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga a woyang'anira mukuti bwanji?"

Mphamvu yolamula mankhwala inali yanga, osati yawo. Ndikanati mupatseni jakisoni, ndipatseni chidindo, akanang'ung'udza koma akanachita. Satifiketi inali m'chikwama changa, inki isanaume. Koma chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo ndinkaona nsapato za wa kufamase zitaima pakhonde. Ndinadziwa funso limene lidzafunsidwe pa tiyi: kodi adokotala athu zikuwakhudza bwanji chonchi?

"Muyesetse kumunyengerera mnzanuyo," ndinatero. "Akabwera, zonse zitheka tsiku lomwelo."

Aka kanali koyamba kumuyang'ana kumaso m'chipindamo. Sanakwiye. Anandiyang'ana ngati mmene telala amayang'anira nsalu imene kasitomala waumirira kuti ndi yabwino.

4

Patapita masiku asanu ndi limodzi anabwera naye mlongo wake, mayi wogulitsa zovala zakaunjika, atamugoneka kumbuyo kwa galimoto ya neba. Telalayo sankadziwa pamene ali. Fungo linalowa m'chipinda iye asanalowe.

Tsiku limenelo palibe anafunsa za kapepala kachikasu. Namwino wamng'ono uja anadula buluku ndi sizasi, ndipo titaona, a Sisitala anatsegula dilowa okha n'kundipatsa chidindo. Chithupsa chija chinali chitaphulikira mkati, mnofu wozungulira utada. Ndinalemba kalata, ambulansi inamutenga.

Anamupanga opaleshoni katatu. Anachotsa mnofu wochuluka, ndipo kuti bala lipole anamuboola pamimba n'kumuika kathumba kolandirira chimbudzi. Madokotala a kumeneko anati mwina kadzachoka pakatha chaka, mwina ayi. Mkulu wawo analemba kalata yaukali yofunsa chifukwa chake munthu anabwera kwa ife kawiri osapimidwa.

Kunabwera akuluakulu kudzafufuza. A Sisitala sananame. Anati lamulolo ndi lawo, ndipo analigwiritsa ntchito kwa aliyense mofanana. Ine ndinati ndinali wamng'ono pantchito, ndinkalemekeza akulu, komanso ndinali nditangoyamba kumene kuphunzira za nkhanizi. Ndinalankhula bwino kwambiri. Ndinagwiritsa ntchito mawu onse a mayi wa ku likulu uja. A Sisitala anawasamutsira ku chipinda cha sikelo ya ana, kutatsala zaka ziwiri kuti apume. Ine anandipatsa chipinda chonse, ndi chidindo chomwe.

5

Tsopano ndikupatseni yankho la ndagi ija, ngakhale ochenjera mwa inu mwalipeza kale.

Tsiku loyamba lija, nditaweruka, ndinapita kuseri kwa depoti. Dzuwa linali lisanalowe. Kashopuko kanali ndi makina awiri, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi katani imene makasitomala amayesera zovala kuseri kwake. Pahang'ala panali jekete yabuluu yopanda manja, yodzaza mapini. Jeketeyo inali yanga. Inali ikuyezedwa kwa zaka zitatu, kawiri pa sabata, kuti aliyense wofunsa chimene ndikudzatani apeze yankho lopachikidwa pamenepo.

Ndinamupeza telala ataima, akudula nsalu. Anaika sizasi pansi, anatulutsa kapepala kachikasu m'thumba, anakatambasula n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Akuti ndikupatse. Walemba wekha."

Ndinayamba kufotokoza. Ndinali nditamuuza kuti abwere Lachitatu chifukwa ndi tsiku limene a Sisitala sakhalapo, ndipo namwino wamng'ono akanamuthandiza mwakachetechete. Sindinadziwe kuti asinthana masiku. Ndinamufunsa chifukwa chake sananame, osangoti chibwenzi chili kutali. Iye anati anamufunsa funso lolunjika, ndipo anali ndi ululu woti sakanatha kupeka nkhani. Anati wopeka nkhani pa awirife ndine.

Ndinatulutsa zimene ndinabweretsa m'thumba la jekete: kabotolo ka jakisoni ndi mapiritsi a masiku asanu ndi awiri. Anaziyang'ana osazikhudza. Anandifunsa ngati zimenezo zichotse chotupacho. Ndinati zithandiza. Anafunsanso, ndipo ndinavomera kuti ngati chili chithupsa chakuya chifunika kung'ambidwa ku chipatala chachikulu, ndipo pafunika kalata ya chidindo.

"Ndiye tiye mawa. Iwe ndi kapepala kako, ine ndi buku langa."

Ndinamuuza za ntchito, za mayi anga, za apolisi, za mmene nkhani imathamangira. Zonsezo zinali zoona, ndipo iye ankazidziwa kuposa ine. Anati chabwino, usabwere ngati mnzanga. Bwera ngati dokotala basi. Tseka katani, vala magolovesi, undione mmene umaonera munthu aliyense wochokera mumsewu. Anati zaka zitatu wakhala akumwa mankhwala a m'thumba, kudya chakudya cha m'thumba, kukondedwa kuseri kwa katani, ndipo sanadandaule. Akungopempha mphindi ziwiri zimene mlendo aliyense amapatsidwa.

Ndinalonjeza kuti akabweranso ndidzachita. Munaona mmene ndinachitira Lachinayi lija.

Jakisoni uja pomaliza analola kuti ndimubaye, koma chithupsa sichimva jakisoni. Pambuyo pa Lachinayi ndinapita kushopu kawiri, ndinapeza pali loko. Kunyumba kwa mlongo wake, kumene ankagona, sindinapite, chifukwa kumeneko kunalibe jekete yondiperekeza.

Pali zina ziwiri zoti ndiulule. Matendawo ndinabwera nawo ndine, kuchokera ku msonkhano wa ntchito wa masiku atatu mumzinda wina, kwa munthu amene dzina lake sindinafunse. Ndipo m'kabati ya mankhwala tsiku loyamba lija ndinatengamo mabotolo awiri. Limodzi ndinadzibaya ndekha m'chimbudzi cha ogwira ntchito, nthawi ya tiyi isanakwane. Ndinalowa m'chipinda cha tiyi kukafufuza mlamu ntchafu ikadawawa.

6

Ku chipatala chachikulu ndinapita kamodzi, nditavala gauni loyera kuti ndioneke ngati ndabwera pa ntchito. Telala anali atagona chammbali, atayang'ana kukhoma. Nditamuitana anati adokotala a m'wodi muno adutsa kale, zikomo. Sanatembenuke. Ndamva kuti makina ake anagulitsa, chifukwa sangathe kukhala pampando nthawi yaitali, ndipo amathandiza mlongo wake kusankha zovala ataimirira.

Owerenga anzanga, lero chipinda chathu chimatchulidwa ngati chitsanzo. Thabwa lija tinalikweza mpaka kudenga. Kabati yotchinga chithunzi ija tinaisuntha. Wodwala amalandira mankhwala tsiku lomwelo, ndipo kapepala kachikasu timangomupempha, sitimukakamiza. Amuna amene kale ankathawa pageti tsopano amabwera, amauzana okhaokha kuti kuli dokotala wachifundo. Zinthu zimenezi n'zabwino, ndipo ndikupempha aliyense wogwira ntchito m'chipatala kuti azichite. Sizifuna ndalama zambiri. Funsani bwino, tsekani chitseko, pimani munthuyo, ndipo zimene mwamva muzisiye m'chipindamo.

Koma musandiwombere m'manja. Mukamva nkhani ngati iyi mumafuna kupeza woipa mmodzi, ndipo a Sisitala akukwanira bwino pampando umenewo. Iwo ankakhulupirira zimene ankanena, anazinena poyera, ndipo analipira. Anthu a m'chipinda cha tiyi ankaseka chifukwa ena akuseka. Pachipatala chonsecho munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa kuti telala amamwa tiyi wopanda shuga, kuti amaimba akamadula nsalu, kuti amaopa jakisoni ngati mwana. Munthuyo anali ndi mphamvu yolamula mankhwala, ndipo anapempha shuga. Kumene dokotala akuopa kuonedwa akuchitira chifundo wodwala, maphunziro a masiku awiri sakwanira. Ine ndinakhoza maphunzirowo kuposa onse.

Sabata yatha ndinaitanidwa kukaphunzitsa anamwino atsopano. Potuluka pageti ndinakumana ndi mlongo wake uja, atabwera kudzatenga timatumba ta mchimwene wake kufamase. Ndinamupatsa moni wa anthu osadziwana. Iye anandipatsa pulasitiki imene anali ataisunga m'chikwama, ndikuganiza kwa miyezi, kudikira tsiku limeneli. Munali jekete yabuluu, mapini ake ali momwemo.

Anati iye si wophunzira, koma amadziwa kuwerenga mpaka zitatu, ndipo palibe jekete imene imasokedwa zaka zitatu. Anati ndisaope, sauza munthu, chifukwa mchimwene wake anamulumbiritsa. Alonda anali chapafupi, ndiye analankhula motsitsa, akumwetulira ngati tikukambirana mtengo wa zovala. Anati pali chinthu chimodzi chokha chimene chimamusowetsa tulo. Anamva kuti matenda aja sadwala munthu mmodzi, ndipo pachipatala pano sankapereka mankhwala mpaka awiri onse afike.

"Nanga inuyo, adokotala, anakubayani ndani?"